Mabulaketi a Loda ya Thirakitala: Chifukwa Chake Amathyoka ndi Momwe Angakonzedwere

Awa ndi mawu omwe ofesi yofalitsa nkhani za khonsolo idakonza ndi kupereka pamsonkhano wa oyendetsa mathirakitala, amisiri owotcherera zitsulo ndi atsogoleri a makopaletivu a alimi m'boma lino. Asindikizidwa muno kuti omwe sadafike nawo pamsonkhanowo apindule nawonso.



Thirakitala yokhala ndi loda kutsogolo kwake imagwira ntchito zomwe kale zinkafuna gulu la anthu ndi mafosholo. Imakweza manyowa m'ngolo, imanyamula mchenga ndi miyala yomangira midadada ya sukulu, imathira dothi m'misewu yokumbika ndi mvula, ndiponso imachotsa zinyalala pamsika. Anthu akamaonerera, maso awo amakhala pa baketi yomwe ikukwera ndi kutsika. Komatu kulemera konse kwa katunduyo kumathera pa zitsulo ziwiri zomwe zili m'nthiti mwa thirakitala, chimodzi kumanja china kumanzere, zomwe amisiri amazitchula kuti mabulaketi. Zitsulo zimenezi ndizo mutu wa nkhani ya lero, ndipo mfundo yake ndi imodzi: bulaketi ikamathyoka imakhala itachenjeza kale kwa masabata kapena miyezi, ndipo munthu amene wamva chenjezolo msanga amalipira mtengo wa bauti, pomwe wolinyozera amadzalipira mtengo wa injini.

Nkhaniyi ikukhudza chitukuko cha boma lino mwachindunji. Masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, adaika ulimi wopindulitsa ndi wamalonda kukhala nsanamira yoyamba, ndipo ulimi wotero umafuna makina. Makopaletivu ena m'dziko muno apeza mathirakitala kudzera mu pulojekiti ya AGCOM, atasonkha okha gawo la ndalama zake. Ambiri akukumbukiranso lipoti lomwe ofesi ya Ombudsman idatulutsa mu 2016 lokhudza mathirakitala ogulidwa ndi ngongole yochokera ku India, lomwe lidakumbutsa mtundu wonse kuti makina otere amabwezedwa ndi misonkho ya anthu kwa zaka zambiri. Zipangizo zake nazonso zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Choncho thirakitala iliyonse yomwe yagona pansi pa mtengo chifukwa cha chitsulo chothyoka ndi chuma cha anthu chomwe chikudyedwa ndi dzimbiri.

Momwe loda imagwirira ku thirakitala

Maloda akale ankamangidwa ku thirakitala mokhazikika, moti kuchotsa imodzi inali ntchito ya tsiku lonse. Mu 1958 kampani ya Ålö ya ku Sweden idatulutsa loda yotchedwa Quicke, yomwe woyendetsa ankatha kuivula ndi kuivalanso mwachangu, ndipo lero makampani monga Stoll ya ku Germany, MX ya ku France ndi John Deere ya ku America amapanga maloda otsata nzeru yomweyo. Mabulaketi amamangidwa ndi mabauti kuthupi la thirakitala ndipo amakhala pomwepo nthawi zonse. Loda ili ndi nsanamira ziwiri zomwe zimakhala m'mabulaketiwo, kenaka mapini kapena maloko amazitsekera. Nthawi yolima ikafika, woyendetsa amatsitsa miyendo yoimikira loda, amamasula maloko, amachotsa mapaipi a hayidiroliki, n'kubwerera m'mbuyo, loda n'kutsala chiimire. Kutsogolo kwa mikono ya loda kulinso malo ena ovulira, pomwe baketi imasinthidwa ndi foloko kapena chida china. Pa mtundu wofala wotchedwa Euro, chidacho chimakoleka ndi mbedza ziwiri pamwamba ndipo mapini awiri amachitsekera pansi.

Ubwino wa kuvula mwachangu uli ndi mtengo wake. Paliponse pomwe zitsulo ziwiri zimakumana ndi kusiyana kawirikawiri, pamakhala kampata, ndipo kampata kaja kamakula pamene makina akugwira ntchito.

Pali chinanso chomwe mwini thirakitala aliyense ayenera kudziwa. Mathirakitala ambiri a m'minda, kuphatikizapo a Massey Ferguson omwe ndi odziwika m'dziko muno, alibe chasisi yapadera ngati ya lole. Injini, nyumba ya kilachi ndi giyabokosi zimalumikizidwa ndi mabauti, ndipo zitatuzi ndizo msana wa thirakitala. Zidazi zimapangidwa ndi chitsulo cha kasiti, chomwe amachita kusungunula n'kuthira m'chikombole. Chitsulo cha kasiti chimapirira kupsinjidwa koma sichipindika. Chikalemedwa mopitirira chimangosweka ngati mphika wadothi. Mabauti a mabulaketi amalowa m'chitsulo chimenechi. N'chifukwa chake opanga maloda ambiri amaonjezera zitsulo zazitali zochokera pa bulaketi kukafika ku ekiselo ya kumbuyo, kuti katundu asathere pamalo amodzi. Amene amachotsa zitsulo zimenezi poganiza kuti zikungotchinga njira amakhala atasenzetsa injini mtolo womwe suli wake.

Momwe kuthyoka kumayambira

Aliyense amene adatungapo madzi akudziwa kuti ndowa ya malita 20 imanyamulika ikakhala pafupi ndi thupi, koma munthu akaitambasulira kutsogolo phewa limalira. Loda ndi mkono wotambasuka, ndipo bulaketi ndiye phewa lake. Baketi yolowa malita 500, omwe ndi migolo iwiri ndi theka ya malita 200, ikadzaza mchenga wonyowa wa mumtsinje imalemera pafupifupi tani imodzi, chimodzimodzi matumba 19 kapena 20 a chimanga a makilogalamu 50. Baketi yomweyo ikadzaza manyowa ouma imapepuka kwambiri. Woyendetsa amene amadzaza baketi mofanana, osasiyanitsa manyowa ndi mchenga, sakudziwa kulemera komwe wasenza.

Kawirikawiri vuto limayambira pa bauti. Ntchito ya bauti ndi kufinya bulaketi kuthupi la thirakitala mwamphamvu kotero kuti ziwirizo zimakhala ngati chitsulo chimodzi. Kufinyako kukachepa, bulaketi imayamba kusuntha pang'ono kwambiri, mosaoneka ndi maso, nthawi iliyonse pamene baketi yakweza kapena kutsitsa katundu. Kusunthako kumadya bauti, kumakulitsa bowo mpaka kulisandutsa ngati dzira, ndipo kumapumphuntha mazinga a m'chitsulo cha kasiti. Bauti imodzi ikaduka, katundu wake amagwera pa zotsalazo, nazonso zimaduka motsatizana. Mapeto ake ngodya ya injini kapena ya nyumba ya kilachi imatheka kung'ambika pamodzi ndi bauti yomaliza.

Njira yachiwiri ndi kutopa kwa chitsulo. Mwana wopanga galimoto yawaya amadula waya popanda pulayala, pongomupinda uku ndi uku mpaka aduke. Bulaketi nayo imapindika pang'onopang'ono kambirimbiri pa tsiku, ndipo mng'alu umabadwira pomwe mphamvu zimaunjikana: m'mphepete mwa pomwe adawotcherera, pangodya yakuthwa, kapena pakamwa pa bowo. Poyamba umakhala wopyapyala ngati tsitsi. Umayenda mwakachetechete kwa nthawi yaitali, mpaka chitsulo chotsala chitachepa kwambiri moti chimaduka kamodzi n'kamodzi. Mmisiri akayang'ana pothyokapo amaona mbali yakuda, yadzimbiri, yomwe idang'ambika kale, ndi mbali yowala yomwe yaduka tsiku lomwelo. Mbali yakudayo ndiyo mboni yoti panali nthawi yokwanira yopulumutsira chitsulocho.

Njira yachitatu ndi ya mapini ndi maloko. Pini yosapakidwa girisi imadyana ndi bushi yake, makamaka fumbi la chilimwe likalowamo. Mpata ukakula, loda imagogoda pa bampu iliyonse ngati hamala. Pini yomwe sidalowe mpaka kumapeto imasenza katundu ndi nsonga yokha, ndipo imatha kupindika kapena kutuluka baketi ili m'mwamba.

Zizolowezi zomwe zimafupikitsa moyo wa bulaketi

Loda idapangidwa kuti izinyamula zinthu zomwe zaunjikidwa kale. Kugumula chulu, kuzula chitsa, kapena kukumba dothi louma la mwezi wa Okutobala pochita kuthamangira ndi thirakitala ndi ntchito ya buludoza, yomwe thupi lake lonse lidamangidwira zimenezo. Thirakitala ikagunda chulu mwaliwiro, kulemera kwake konse kumadutsa m'mabulaketi m'kanthawi kochepa ngati kuphethira kwa diso.

Kutukula ndi ngodya imodzi ya baketi kumapotokola loda, bulaketi imodzi n'kusenza zomwe zidayenera kugawidwa pawiri. Kukoka galimoto yotitimira m'matope pomangirira tcheni ku baketi kumachita chimodzimodzi. Malo okokera ali kumbuyo kwa thirakitala. Kusalaza msewu poyenda chambuyo baketi itaweramitsidwa mpaka kumapeto kumapinda ndodo za masilinda. Kuthamanga ndi baketi yodzaza mumsewu wa mabampu kumachulukitsa katundu, chifukwa pa bampu iliyonse mchenga uja umadumpha n'kugweranso pa mikono ya loda. Katundu aziyenda naye ali pansi, pang'onopang'ono, ndipo kumbuyo kwa thirakitala kukhale cholemetsa kuti matayala a kumbuyo asapepuke ndiponso kuti ekiselo ya kutsogolo ipumeko.

Kuvula ndi kuvala loda nakonso kumaononga kukachitika mwachisawawa. Loda ivulidwe pamalo olimba ndi osalala, baketi ili pomwepo kuti iime bwino. Ikasiyidwa padothi lofewa, mwendo umodzi umatitimira mvula ikagwa, ndipo tsiku loivala nsanamira sizilunjika m'mabulaketi. Apa m'pomwe ena amakankha ndi mphamvu ya injini kapena kukhoma pini ndi hamala yaikulu, ndipo bulaketi imapindika ntchito isanayambe n'komwe. Mphamvu ya mafuta a hayidiroliki ichotsedwe mapaipi asanamasulidwe, pozimitsa injini ndi kugwedeza chogwirira mbali zonse. Kukamwa kwa mapaipi kutsekedwe kuti fumbi lisalowe. Ngati kungatheke loda isiyidwe pamthunzi, popeza dzuwa likatenthetsa mafuta otsekeredwa m'mapaipi amafufuma ndipo kulumikizanso kumavuta.

Kuyendera makina

Kuyendera kwa m'mawa uliwonse sikufuna nthawi yaitali. Woyendetsa apukute matope pa mabulaketi, chifukwa mng'alu umabisala m'matope. Ayang'ane penti yomwe yasweka mwamzere, komanso fumbi lofiira ngati katondo kuzungulira mutu wa bauti kapena pomwe bulaketi yakhudzana ndi thirakitala. Fumbi limenelo limatuluka zitsulo ziwiri zikamapekesana, ndipo tanthauzo lake n'lakuti bauti yamasuka ngakhale ikuoneka yomanga. Njira yosavuta ndi kujambula mzere wa penti kuchokera pamutu wa bauti kufika pa bulaketi. Mzere ukasemphana, bauti yazungulira. Aonetsetsenso kuti maloko onse atseka, ndipo akasintha baketi aikanikizire pansi kuti aone ngati mapini agwira asanayambe kunyamula.

Pomwe pali chikaiko, pali njira yakale yomwe amisiri a njanji ankagwiritsa ntchito ndipo zipangizo zake zimapezeka pagolosale iliyonse. Malowo atsukidwe, apakidwe parafini, apukutidwe mpaka aume, kenaka apakidwe choko. Ngati pali mng'alu, parafini yemwe adalowamo amatuluka n'kujambula mzere wakuda pa chokocho, kusonyeza pomwe mng'alu wayambira ndi pomwe wathera.

Mabauti amangidwe ndi sipanala yoyezera mphamvu, yomwe amisiri amaitchula kuti torque wrench, potsata muyezo wa m'buku la makinawo. Mwachitsanzo, bauti ya M16 yolembedwa 8.8 pamutu pake imamangidwa pafupifupi 200 Nm, pomwe yolembedwa 10.9 imafuna pafupifupi 300 Nm. Kulumikiza paipi ku sipanala n'kudumphirapo kumatha kutamula bauti kapena kuphwanya mazinga. Loda ikangomangidwa kumene, kapena ikachokera kokonzedwa, mabauti amamasuka msanga pamene penti ndi zitsulo zikukhazikika, choncho ayesedwenso pakatha maola ochepa oyamba a ntchito, kenaka pa nthawi zomwe buku lanena.

Manambala a pamutu wa bauti asanyozedwe. Bauti ya 10.9 ndi yolimba kuposa kawiri ya 4.6 kapena 4.8, yomwe imagulitsidwa m'mashopu a zipangizo zomangira nyumba, ngakhale kukula kwake kuli kofanana. Bauti yopanda nambala ilibe malo pa bulaketi. Chimodzimodzinso chidutswa cha chitsulo chomangira konkire chosulidwa kuti chilowe m'malo mwa pini: n'chofewa, sichidzaza bowo, ndipo chimapindika pa katundu woyamba wolemera.

Kukonza koyenera

Amisiri owotcherera a m'boma lino ndi anthu aluso, ndipo popanda iwo ngolo, makasu a thirakitala ndi zigayo zambiri bwenzi zitaima kalekale. Komabe bulaketi ya loda imasiyana ndi chitseko kapena felemu ya zenera. Kungoyendetsa rodi pamwamba pa mng'alu kumaubisa osaupha. Pansi pake umapitiriza kuyenda, ndipo umadzatulukira pambali pa chowotchereracho.

Ntchito iyambe ndi chitetezo. Baketi itsitsidwe pansi, injini izimitsidwe, mphamvu ya hayidiroliki ichotsedwe. Munthu asalowe pansi pa loda yokwezedwa popanda chochirikiza cholimba, chifukwa paipi imodzi ikaphulika loda imagwa nthawi yomweyo. Mafuta a hayidiroliki amayenda ndi mphamvu yofika pa 180 kapena 200 bar, pomwe tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa pafupifupi 2 bar. Kabowo kakang'ono pa paipi kamatha kulasa mafuta kulowa pansi pa khungu, choncho podontha pafufuzidwe ndi katoni osati ndi dzanja, ndipo wolasidwa athamangire naye kuchipatala ngakhale bala likuoneka laling'ono. Batire imasulidwe kuwotcherera kusanayambe, ndipo waya wa efi agwire pafupi ndi pomwe akuwotcherera kuti magetsi asadutse m'mabeyaringi. Chabwino koposa ndi kuchotsa bulaketiyo pa thirakitala n'kukaikonzera pabenchi, kutali ndi thanki ya dizilo ndi mapaipi.

Mmisiri apeze kaye mathero onse awiri a mng'alu, abowole kabowo pa lirilonse kuti usapitirire. Kenaka akumbe mng'aluwo ndi gilayinda, kupanga ngalande yooneka ngati chilembo cha V mpaka afike pansi pake, ndipo ngati mbali zonse ziwiri zikufikika akumbe uku ndi uku. Penti, girisi ndi dzimbiri zichotsedwe mpaka chitsulo chiwale. Marodi a E6013, omwe ndi ofala pa ntchito za tsiku ndi tsiku, sakwanira pa chitsulo chochindikala chosenza katundu wogwedezeka. Pamafunika a E7018, ndipo amenewa amayamwa chinyezi, choncho asungidwe otsekedwa ndi ouma; rodi yomwe yagona pamtetete nyengo ya mvula imabweretsa ming'alu ina yobisika. Makina ena ang'onoang'ono owotcherera sayatsa bwino marodi amenewa. Mmisiri amene makina ake ndi otero anene poyera n'kulozera mwini thirakitala kwa mnzake, ndipo ulemu wake sudzachepa chifukwa cha zimenezo.

Chitsulo chochindikala chitenthetsedwe kaye kufika pa madigiri 100 mpaka 150, pomwe dontho la madzi limawira likangogwerapo. Ngalandeyo idzazidwe ndi mizere ingapo yopyapyala, ndipo pakati pa mzere ndi mzere makoko achotsedwe bwinobwino. Ikatha ntchito, chitsulo chizizire chokha pang'onopang'ono, ngakhale pochikwirira mumchenga wouma. Kuthirapo madzi pofuna kufulumira kumachiumitsa n'kuchisandutsa chosweka msanga.

Chigamba cholimbitsira chimathandiza chikaikidwa mwanzeru. Chikhale chochindikala mofanana ndi chitsulo chomwe chikulimbitsidwa, chidulidwe mosongoka kumapeto ngati nsomba, ngodya zake zikhale zobulungira, ndipo chipitirire mng'alu mbali zonse. Chigamba cha ngodya zinayi zakuthwa, chowotchereredwa mopingasa, chimangosamutsira vuto m'mphepete mwake. Chigamba chochindikala kwambiri chimaumitsa bulaketi moti mphamvu yomwe inkathera pamenepo imakafika ku injini. Kunena zoona, pakati pa bulaketi ndi injini, chomwe chiyenera kugonja choyamba ndi bulaketi, popeza ndiyo yotsika mtengo.

Moto umakoka chitsulo, choncho muyezo wa mabowo ndi mpata wa pakati pa mabulaketi awiriwo ulembedwe ntchito isanayambe ndipo uyesedwenso isanathe. Bulaketi yolimba koma yokhota imakana loda, kapena imailandira mokakamiza n'kuyamba kung'ambika tsiku lomwelo. Bowo la pini lomwe lakula likulungidwenso ndi makina n'kuikamo bushi yatsopano. Mazinga omwe aphwanyika m'thupi la thirakitala amabwezeretsedwa ndi tizitsulo tamazinga tolowetsa m'bowo, monga ta Helicoil, ndipo mabauti onse a mbali imeneyo asinthidwe pamodzi, chifukwa omwe adatsala adasenza kale mopitirira muyezo.

Pali zinthu ziwiri zomwe khonsolo ikupempha kuti zisachitike. Choyamba ndi kuwotcherera bulaketi kuthupi la thirakitala mabauti akakanika. Chitsulo wamba ndi cha kasiti sizigwirana bwino ndi rodi wamba, ndipo motowo umasiya kasiti ali wosweka mkati. Chachiwiri ndi kubwezera loda pa injini kapena nyumba ya kilachi yomwe yang'ambika. Kasiti amawotchereredwa ndi marodi apadera a nickel, mwaluso ndi modekha, koma ngakhale zitatero malo amenewo sayenera kudaliridwanso ngati kale mpaka katswiri wa makinawo atawaona. Bulaketi yomwe yang'ambika kachiwiri pamalo omwewo, kapena yomwe yapindika kwambiri, yafika posinthidwa.

Ntchito ikatha, pentiyo ipakidwe yopyapyala kuti mng'alu watsopano udzaoneke msanga. Loda iyesedwe yopanda kanthu, kenaka ndi katundu wopepuka, anthu ataima patali, ndipo malo okonzedwawo aziyang'anidwa tsiku lirilonse kwa masabata oyamba.

Udindo wa eni makina

Walira mvula walira matope. Gulu lomwe lidapempha thirakitala lidapemphanso udindo woisamalira, ndipo mbali yaikulu ya udindowu ili m'manja mwa makomiti osati mwa woyendetsa yekha.

Woyendetsa amene akudziwa kuti akaulula za mng'alu adzadulidwa malipiro amakhala chete, n'kumapemphera kuti chitsulo chidzathyokere m'manja mwa wina. Komiti yanzeru imayamika amene wabwera ndi uthenga wa bauti yomasuka, chifukwa waipulumutsira ndalama zambiri. Woyendetsayo apatsidwenso mphamvu yokana ntchito yosayenera loda. Zimavuta kuti mnyamata wolembedwa ntchito akanize munthu wolemekezeka amene walipira kale ndipo akufuna chulu chigumulidwe pamunda pake. Lamulo likalembedwa ndi komiti n'kulengezedwa pamaso pa mafumu, wokanayo amakhala komiti yonse, ndipo mnyamatayo amangopereka uthenga.

Pa ndalama iliyonse yobwereketsera thirakitala, gawo lina lipatulidwe n'kusungidwa padera kuti likhale la zokonzera. Gulu lomwe limagawana zonse pakutha pa mwezi limadzayamba kusonkherana makina atagona kale, nyengo yolima ikudutsa. M'bokosi la zida musasowe sipanala yoyezera mphamvu, pampu ya girisi, mabauti angapo a muyezo woyenera ndi mapini apadera. Pakhalenso kaundula wolembamo maola omwe makina agwira, tsiku lomwe mabauti adayesedwa, ndi dzina la mmisiri amene adakonza pamodzi ndi marodi omwe adagwiritsa ntchito. Thirakitala yoyendetsedwa ndi aliyense amene wapeza kiyi imasowa woiyankhira.

Kuyendera kwakukulu kuchitike m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti, zokolola zitalowa ndipo ntchito yokonza minda isanafike pachimake. Chipangizo choitanitsa kunja chimatenga nthawi, ndipo thirakitala yomwe yathyoka mu Novembala imagonetsa minda ya mabanja ambiri omwe adaiyembekezera. Mlimi amene wabzala mochedwa chifukwa cha bauti ya munthu wina sakhala ndi komwe angakadandaule.

Pogula loda, makamaka yogwiritsidwapo kale ntchito, ogula afunse ngati mabulaketi ake adapangidwira mtundu ndi nambala ya thirakitala yawo, ngati kukula kwa lodayo kukugwirizana ndi mphamvu ya thirakitalayo, komanso ngati buku lake lilipo. Loda yaikulu pa thirakitala yaing'ono imanyamula zomwe msana wa thirakitalayo sungapirire. Safunsa adadya phula, ndipo funso la tsiku logula limapulumutsa ulendo wa kugalaja.

Pomaliza, pali nkhani ya luso. Bungwe la TEVETA ndi makoleji a ntchito zamanja a m'madera amaphunzitsa achinyamata kuwotcherera ndi kukonza makina. Pamene makina a ulimi akuchuluka, mmisiri wodziwa kukonza chitsulo chosenza katundu adzakhala wofunika kwambiri, ndipo ndalama zomwe zikadapita kumizinda ikuluikulu zidzatsala m'boma lino. Makopaletivu akulimbikitsidwa kudziwana ndi amisiri otere makina asanathyoke, ndi kuwalipira mtengo wa ntchito yabwino m'malo mothamangira wotchipa amene adzabise mng'alu ndi penti.

Pempho la khonsolo kwa gulu lirilonse lomwe lili ndi thirakitala ya loda n'lakuti sabata ino isathe mabulaketi asanatsukidwe, mabauti asanayesedwe, ndi zopezekazo zisanalembedwe m'kaundula n'kuperekedwa kwa mlangizi wa zaulimi wa m'deralo. Ndi ntchito ya m'mawa umodzi, ndipo zida zake ndi nsanza, sipanala, parafini ndi choko.